Ndingawaphunzitse bwanji ophunzira kulankhula mizere ya Shakespeare pa sewero?

Akuluakulu amene mumadziwa za zisudzo, ndikupempha nzeru zanu. Ndikukonzekeretsa ophunzira a sekondale kuno ku Mangochi kuti achite sewero la Shakespeare, lomwe mizere yake yambiri ili ndi maphatikizo 10, ofooka ndi amphamvu mosinthanasinthana. Vuto ndi lakuti anawa, omwe kwawo amalankhula Chiyao ndi Chichewa, amakoka phatikizo lachiwiri kuchokera kumapeto kwa liwu monga tidazolowera m'Chichewa, ndipo amaima pamathero a mzere uliwonse ngakhale ganizo lisanathe, moti zimangomveka ngati akuloweza m'kalasi. Kodi ndiyambe ndi kuwaombetsa m'manja kuti agwire kayendedwe ka mzere, kapena ayambe amvetsa kaye tanthauzo? Nanga azipumira pati, poti tidzachitira pabwalo popanda zokuzira mawu?