Thandizeni, ndani anasewera The Recruiting Officer ku Sydney mu 1789?

Moni nonse akuluakulu, ndakakamira pa asainimenti ya zisudzo. Ndikulemba za sewero la nthabwala la George Farquhar, The Recruiting Officer, linayambira ku Drury Lane ku London mu 1706 kenako linadzaseweredwa ndi akaidi ku Sydney pa 4 June 1789, tsiku lokondwerera kubadwa kwa mfumu George III.

Ndawerenga zomwe analemba msilikali Watkin Tench, akuti zinachitikira mkanyumba kadothi ndipo anaonera ndi anthu ngati 60, bwanamkubwa Arthur Phillip analipo, koma mayina a osewerawo sakutchula olo limodzi. Pa Google zikungobwera za sewero lina lonena za nkhani yomweyi, Our Country's Good ya Timberlake Wertenbaker ya 1988 ija, ndiyabwino inde koma muli zopeka zambiri, alekichala azikana. Ku laibulale ndinangobwerako chimanjamanja.

Nde funso langa, mbali ya Silvia, mtsikana amene amavala ngati mwamuna uja, anasewera ndi mkaidi wamkazi kapena? Komanso pomwe linaonetsedwanso ku holo ya zisudzo ya Robert Sidaway mu 1800, analipo ena a gulu loyamba lija? Amene muli ndi buku kapena PDF chonde ndiponyereni.