Kodi buku la The Day of the Jackal n'loyenera kugula, kapena kanema akukwanira?

Nachisale: Moni nonse. Buku la Frederick Forsyth, The Day of the Jackal, limapezeka pa milu ya mabuku a kaunjika. Ena akuti ndi lokoma zedi, ena akuti limangotamanda chigawenga. Amene munawerenga ndithandizeni: ndigule, kapena ndingoonera kanema basi?

aMbewe: Gulani achemwali, koma mudziwe chimene mukugula. Linatuluka mu 1971 ndipo likuyambira pa zinthu zimene zinachitikadi. Pa 22 Ogasiti 1962, anthu a gulu lachinsinsi la zida lotchedwa OAS anawombera galimoto ya Charles de Gaulle, pulezidenti wa France, ku Petit-Clamart, kufupi ndi Paris, pokwiya kuti wapereka ufulu ku dziko la Algeria. De Gaulle anapulumuka, ndipo wokonza chiwembucho, Jean-Marie Bastien-Thiry, anaphedwa mochita kuwomberedwa pa 11 Malichi 1963. Mpaka pamenepa ndi mbiri yeniyeni. Chopeka n'chakuti a OAS, ataona kuti akazitape a boma alowerera gulu lawo, akulemba ganyu mlendo wosadziwika kwa apolisi, wodzitcha Nkhandwe (Jackal), kuti aphe de Gaulle, pamtengo wa madola 500,000, theka asanayambe, theka ntchito ikatha. Forsyth anali mtolankhani wa Reuters ku Paris m'zaka zimenezo, n'chifukwa chake polemba za maofesi, za m'malire ndi za apolisi amakhala ngati akupereka lipoti.

aGondwe: Ine ndikutsutsa pang'ono, a Mbewe. Aliyense akudziwa kuti de Gaulle sanaphedwe, anamwalira kwawo ku Colombey-les-Deux-Églises mu Novembala 1970. Ndiye munthu awerenge masamba opitirira 300 mathero ake akuwadziwa kale? Ngakhale osindikiza angapo analikana poyamba pa chifukwa chomwechi.

aMbewe: Analikanadi, koma mu 1972 linapata mphoto ya Edgar, ya mabuku a nkhani za upandu. Chokugwira mtima m'bukuli si funso lakuti aphedwa kapena ayi. Umafuna kudziwa kuti munthu wosamala choteroyu alakwitsa pati. Lagawidwa patatu: chiwembu, kusaka, kenako tsiku lenilenilo. Gawo loyamba ndi kukonzekera kokhakokha. Wakuphayo akupeza pasipoti m'dzina la mwana amene anamwalira kalekale, Alexander Duggan. Akupita ku Brussels kukaitanitsa mfuti yomasuka zidutswazidutswa. Pali malo ena akuiyesa m'nkhalango ya Ardennes: akupachika chivwende pamtengo, akubwerera kutali, akuwombera, akukonza pang'ono kagalasi koyang'anira, akuwomberanso, mpaka chipolopolo chikumenya pamene iye akufuna. Sakuthamanga, sakulankhula. Ukamawerenga pamenepo umachita tsembwe chifukwa chivwendecho ukudziwa kuti chikuimira mutu wa munthu.

Nabanda: Vuto lili pamenepo ndithu, bambo. Wolembayo akukuyendetsa ndi wakuphayo masamba ambirimbiri mpaka umayamba kumufunira zabwino, kuti apolisi asamugwire pamalire. Munthuyo alibe dzina, alibe kwawo, alibe chikumbumtima, ndipo bukulo silifunsa n'komwe kuti anafika bwanji potere. Amapha wopanga zikalata zabodza amene anafuna kumudyera ndalama. Amapha mayi amene anamulandira m'nyumba mwake, Colette. Amaphanso mwamuna amene anamusunga ku Paris. Onsewa amangochotsedwa ngati udzu m'munda. Achemwali a Nachisale, ngati mukufuna buku lokamba za mtima wa munthu wopha anzake pa ganyu, ili si limenelo.

aPhiri: Mayi Nabanda mwanena zoona kuti mkati mwa Nkhandweyo simuonetsedwa, koma sindikuvomera kuti bukuli lilibe funso la chabwino ndi choipa. Funsolo analiika mbali ya boma. Onani zimene akuchita kwa Viktor Kowalski, mlonda wa mtsogoleri wa OAS, Marc Rodin. Akumunamiza kuti mwana wake wamkazi akudwala mwakayakaya kuti abwere ku Marseille, akumugwira, akumuzunza ndi magetsi mpaka kufa, ndipo pa zimene anabwebweta ali m'ululu ndi pamene akutola liwu loti nkhandwe. Ndiye kuti kusaka konse kwa anthu "abwino" kwayambira pa mtembo wa bambo amene anapusitsidwa chifukwa chokonda mwana wake. Forsyth sakudzudzula, akungolemba mmene zinayendera, koma wowerenga wamaso sangadutse pamenepo osaima.

Nabanda: Zimenezo sindikana. Koma kusadzudzulako n'kumene kumandivuta. Kuzunza kwa boma ndi kupha kwa waganyu zalembedwa ndi liwu limodzi, lozizira.

aPhiri: Liwu ndi limodzi, koma pali Claude Lebel. Ndi wapolisi wamfupi, wosaoneka ngati kanthu, amene akuluakulu a m'komiti ya boma yosaka Nkhandwe amamuyang'anira pansi usiku uliwonse akamapereka lipoti. Iye sazunza munthu. Amaimba telefoni kwa apolisi a mayiko ena, amayang'ana makadi a m'mahotela ndi mndandanda wa mapasipoti obedwa. Ataona kuti Nkhandwe ikuthawa nthawi zonse apolisi asanafike, akumvetsera matelefoni a anthu a m'komiti momwemo, n'kupeza kuti chinsinsi chikutulukira kwa mmodzi wa iwo kudzera kwa chibwenzi chake. Kwa ine munthu wolungama wa bukuli ndi ameneyu, ndipo sanamupake mafuta.

aGondwe: Koma Lebel amalowa mochedwa. Munthu wosapirira adzalisiya asanamuone.

aMbewe: Apo ndikuvomera. Masamba oyambirira ali ndi mayina ambiri a Chifalansa, maudindo a asilikali ndi nthambi za apolisi, ndipo ambiri amagwera pomwepo. Njira yake ndi iyi: lembani pakapepala mayina anayi okha, Rodin, Kowalski, Lebel ndi Bryn Thomas, wapolisi wa ku London, n'kukaika m'buku. Enawo musavutike kuwasunga. Mukafika pamsonkhano wa ku Vienna, pamene a OAS atatu akukumana ndi mlendoyo, nkhani imayamba kuyenda yokha.

Nachisale: Zikomo. Nanga kanema sangakwanire?

aMwale: Zimatengera kanema uti, achemwali. Wa mu 1973, wotsogoleredwa ndi Fred Zinnemann, momwe Edward Fox ndi Nkhandwe ndipo Michael Lonsdale ndi Lebel, amatsatira bukuli kwambiri, ngakhale anadula zambiri za ndale za Algeria. Wa mu 1997 wa Bruce Willis ndi Richard Gere anasamutsira nkhani ku America, de Gaulle mulibemo. Wa magawomagawo wa mu 2024 wa Eddie Redmayne ndi wa masiku ano ndipo anamupatsa mkazi ndi mwana, zimene zikusintha munthuyo kotheratu. Samalani pogula, chifukwa chikuto cha mabuku ena chimakhala ndi chithunzi cha kanema, koma mkatimo ndi nkhani ya mu 1963 yomweyo.

Pa za kaunjika, yang'anani izi musanalipire. Buku lathunthu limapitirira masamba 300. Mukapeza kabuku kopyapyala ka zilembo zikuluzikulu, kameneko n'kofupikitsidwa kwa ophunzira Chingerezi, ndipo tsatanetsatane amene akukomesa nkhaniyi anachotsedwamo. Tsegulani kumapeto kwenikweni muone ngati tsamba lomaliza lilipo. Mabuku a chikuto chofewa amamatidwa ndi guluu, guluuyo akakalamba amauma n'kusweka, ndipo oyamba kuthothoka ndi masamba oyambirira ndi omalizira. M'buku ili kutaya masamba asanu omaliza n'kutaya chifukwa chonse chowerengera. Litambasuleni pakati pang'onopang'ono: likalira kuti thetche, msana wafa. Nunkhizaninso. Fungo la chinyezi ndi timadontho takuda ndi nkhungu, ndipo imafalikira ku mabuku ena pashelefu.

Nabanda: Ndiwonjezere. Ngati ndalama ndi ya buku limodzi ndipo chimene mukufuna ndi chikumbumtima, funani A Gun for Sale la Graham Greene, la mu 1936, limene ku America limatchedwa This Gun for Hire. N'lalifupi. Wakuphayo, Raven, ali ndi mlomo wong'ambika, bambo ake ananyongedwa, mayi ake anadzipha, ndipo anakulira kumalo osungira ana. Akupha nduna ya dziko lina, omutumawo akumulipira ndi ndalama zobedwa zimene manambala ake apolisi ali nawo, iye n'kuyamba kusaka omupusitsawo. Kumbuyo kwake kuli mwini kampani ya zitsulo amene akufuna nkhondo kuti malonda ayende. Greene akufunsa kuti woipitsitsa ndani, wogwira mfuti kapena wolipira ali pampando. Mtsikana Anne atamumvera chisoni Raven, wowerenganso amasowa pogwira.

aGondwe: La Greene ndiye lovuta kulipeza pa milu. La Forsyth linasindikizidwa kambirimbiri, n'chifukwa chake limapezeka.

aPhiri: Ndiye gulani limene lili pamaso panu, achemwali, linalo muzifunsa kwa ogulitsa. Mukaliwerenga, fikani pa Kowalski kenako mubwere mutiuze ngati mayi Nabanda akulondola.

Nachisale: Ndigula la Forsyth tsamba lomaliza likakhalapo. A Mwale, chonde musaulule zimene zinachitika kumapeto kwa bukuli, pa 25 Ogasiti ku Montparnasse mu Paris.

aMwale: Sindiulula. Kungoti mukamawerenga za ku Brussels, muonetsetse utali ndi kuonda kwa timapaipi timene akuitanitsa.