Za mano anga ogwedera aja: ndabwerako kwa dokotala

Mu Marichi ndinafunsa ngati munthu wa chiseyeye chachikulu, mano awiri atagweruka kale, angaikitse mano oikirira a ma implant. Ambiri munati ndipite kaye kwa dokotala wa mano. Zikomo, ndinapita.

Atandijambula X-ray anandionetsa mmene matendawa adyera fupa la nsagwada. Implant ndi kachitsulo ka titanium kamene amakazika m'fupamo, ndiye pa fupa lodyeka ndi nkhama za mafinya sikangagwire. Anayamba ndi kupala zokakamira pansi pa nkhama, maulendo awiri, atandibaya jekiseni wochititsa dzanzi. Panopa mswachi sukutulukanso wofiira. Fodya ndasiya, ngakhale chibaba chikundivutabe.

Nkhama zikapola adzazika kachitsuloko, ndidikire miyezi 3 mpaka 6 kuti kagwirane ndi fupa, kenako dzino pamwamba. Chimanga chootcha ndachisowa kwabasi.