Ana akwathu ogona ku Joubert Park, tiwafikire bwanji?

Wofunsa: Abale anga pagulu pano, ndithandizeni nzeru. Anyamata angapo a ku Mayfair timasonkherana, Loweruka lililonse tikuphika nsima ndi nyemba kukapatsa ana akwathu amene akugona ku Joubert Park ndi kuseri kwa Park Station kuno ku Joni. Ambiri ndi a ku Mangochi ndi Machinga. Anabwera ndi matransipota atalonjezedwa ntchito, kufika kuno wowalandira foni yazima. Kuzizira kwa Juni ku Joni mukukudziwa, iwo akufunda makatoni.

Chakudya amalandira, koma tikangofunsa za kumudzi amabalalika, akuti tatumidwa ndi a Home Affairs, oona za anthu olowa ndi kutuluka m'dziko. Mabulangete tinawapatsa, mawa lake agulitsidwa, ndalama yathera ku nyaope, mankhwala ozunguza bongo. Pali wina wa zaka 15, zala zong'ambika ndi chisanu, akuti akufuna kubwerera kwa agogo ake koma alibe pasipoti ndipo akuopa Lindela, kumene amatsekerako opanda mapepala asanawabweze kwawo. Tiyambire pati?

Mlongo wa ku Yeoville: Achimwene, wa zaka 15 ameneyo ndi mwana. Lamulo la Children's Act la 2005 limateteza aliyense wosakwana zaka 18, mapepala alipo kaya palibe. Imbani Childline, bungwe lothandiza ana, pa 116, ndi yaulere, akulumikizeni ndi social worker. Za chikalata choyendera ndi ku ofesi ya kazembe wa Malawi, koma social worker atsogole.

Wakale wa ku Hillbrow: Ine ndinagonapo mumsewu momwemo. Musapite gulu lalikulu mutatchena, mafoni m'mwamba. Kujambula ndiye kumawathamangitsa. Pezani mmodzi amene anatulukamo, yemwe amamudziwa dzina, ndiye azilankhula. Pamalo aliwonse pamakhala mkulu wawo, mukamudumpha palibe chimene mungachite. Ndalama m'manja ayi. Ndipo nyaope sasiya chifukwa chowalangiza, akaisowa m'mimba mumapotokola koopsa, thukuta kuchita kamukamu. Zimenezo n'za a SANCA, bungwe lothandiza anthu kusiya mowa ndi mankhwala ozunguza bongo.

Bambo a Tadala: Bwanji osangowalowetsa m'zinyumba zosiyidwa za m'tauni muja, bola denga?

Mlongo wa ku Yeoville: Bambo, mwaiwala moto wa ku nyumba ya Usindiso mu Ogasiti 2023? Anthu opitirira 70 anafera momwemo, akwathunso analipo. Kafunseni malo kwa a MES, bungwe lothandiza osowa pokhala, ku Hillbrow.

Wofunsa: Zikomo nonse. Akulu a ku Hillbrow, Loweruka likubwerali mungatiperekeze? Tinyamuka 10 koloko m'mawa.