Ndigule kafulati ku Joni kapena ndimange kuno ku Chipata?

NaTembo wa ku Kapata:
Abale anga a kum'mawa, ndithandizeni maganizo. Ndine namwino, ndimagwira ntchito pa chipatala china ku Johannesburg, koma panopa ndili kuno kwathu patchuthi. Uko ndimakhala nyumba ya lendi ku Randburg, R6,800 pamwezi, ndipo eni ake amakweza chaka ndi chaka. Ndalama imeneyi ikamatuluka mtima umandiwawa, chifukwa palibe ngakhale chitseko chimene ndingachitchule changa.

Ndapeza kafulati ka chipinda chimodzi ku Ferndale, ku Randburg komweko, pa R640,000. Kali pamwamba, kakhonde kake n'kongokwana mpando umodzi ndi chingwe choyanikapo yunifomu, koma dzuwa la m'mawa limalowa bwino, ndipo maminibasi opita kuntchito amadutsa pageti penipeni.

Nditawauza amai, anangoti, "Nyumba yanji yopanda pabwalo posesa?" Alongo anga aakulu nawo akuti ndigule poloti cha ku msewu wa ku Mwami, ndimangepo ya zipinda zitatu. Sindikuwatsutsa, kwathu n'kuno. Koma ntchito ili uko, kogona kwanga n'komweko, ndipo ndatopa kusamuka ndi mapoto m'makatoni. Kodi ine wa pemiti ya ntchito, wosakhala nzika, banki ingandikongoze? Nanga amene munagulapo, zinakuyenderani bwanji?

Jere wa ku Mtenguleni:
Alongo, ine ndinagula ku Kempton Park ndisanabwerere kuno, ndipo kafulatiko ndikadali nako. Kugula n'kololedwa, lamulo la kumeneko siliitsa mlendo kukhala ndi nyumba. Koma musatengeke ndi khonde. Chimene mukugula ndi gawo la nyumba yonseyo. Mkati ndi mwanu, koma denga, mapaipi, masitepe, mpanda ndi geti ndi za eni mafulati onse pamodzi, ndipo gulu lawolo, lotchedwa body corporate, ndilo limatolera levy, ndalama yosamalira zinthu zimenezi, mwezi uliwonse. Levy satha. Ngongole mungamalize, levy muzilipirabe, kuwonjezera pa msonkho wa kukhonsolo.

Ku mafulati athu kuja anzathu ambiri anasiya kulipira levy, denga n'kuyamba kudontha, m'thumba la gulu mulibe kanthu. Anatiikira special levy, ife olipirafe n'kusenza katundu wa osalipira. Ndiye musanasaine kalikonse, pemphani malipoti a ndalama a gululo a zaka zapitazi, pamodzi ndi zimene analemba pa msonkhano wawo wa pachaka. Muone kuti ndi angati ali ndi ngongole ya levy, ndiponso ngati gululo lili ndi ngongole ya madzi ndi magetsi kukhonsolo. Kuyambira mu 2016 lamulo limafuna kuti akhale ndi thumba lapadera lokonzera nyumba, choncho mufunse kuti m'menemo muli zingati. Wogulitsa akamazemba kukuonetsani mapepala amenewa, chokanipo.

Mupitekonso usiku Loweruka kumapeto kwa mwezi, mukaime pamasitepe. Masana nyumba iliyonse imaoneka yaulemu.

NaBanda Chipata:
Mnzanga, ine ndili kumbali ya amai anu. Pemiti imatha. Mukadzapita kukaionjezera n'kukukanirani, kafulati kameneko sikadzakuyankhulirani, chifukwa kukhala ndi nyumba ku South Africa sikupatsa munthu chilolezo chokhalamo. Mudzakhala kuno ku Kapata, banki ikufuna zake uko, wa lendi sakuyankha foni. Pomwe Chipata ikukula, chikhalireni mzinda mu 2017 nyumba zangoti mbwee m'mphepete mwa mapiri, ndipo ofuna nyumba za lendi sasowa.

Koma ndisakunamizeni, kumanga uli kutali nakonso kuli ndi minga. Mchemwali wanga amatumiza ya simenti, pachithunzi n'kumamuonetsa khoma lomwelo mbali zosiyanasiyana. Ndipo malo a mfumu si ofanana ndi malo a taitolo. Ngati poloti ili m'dera la mfumu, pafunika chilolezo cha mfumu ndi cha khonsolo musanapeze lizi ya zaka 99 ku unduna wa za malo. Ambiri amangolandira kakalata ka anyakwawa n'kuyamba kuthira maziko.

Phiri wa ku Katete:
Amai NaTembo, ndiyankhe za banki, poti enawa sanazikhudze. Mlendo wokhala kunja kwa South Africa amakongozedwa theka lokha la mtengo wa nyumba. Inu amene mumakhala ndi kugwira ntchito komweko angathe kukupatsani yoposa theka, koma banki iliyonse ili ndi malamulo ake, ndipo amayang'ana kwambiri kuti pemiti yanu yatsala ndi nthawi yaitali bwanji. Konzekerani dipoziti yaikulu kuposa imene angapemphe kwa nzika. Funsani mabanki angapo, musaime pa imodzi.

Pa R640,000 simudzalipira transfer duty, chifukwa kuyambira mu Epulo 2025 msonkho umenewu umayambira pa nyumba zoposa R1,210,000. Koma maloya muwalipira ndinu, wosintha dzina ku Deeds Office ndi wolembetsa ngongole, ngakhale kuti woyambayo nthawi zambiri amasankhidwa ndi wogulitsa. Ndalama imeneyi ikhale pambali, isachoke pa dipoziti.

Chimene chimagwetsa anthu ndi chiwongoladzanja. Mu 2021 prime, chiwongoladzanja chimene mabanki amayambirapo powerengera ngongole, inali pa 7 peresenti, pofika mu Meyi 2023 inali pa 11.75. Pa ngongole ya R500,000 ya zaka 20, ndiye kuti munthu amene ankalipira pafupifupi R3,900 pamwezi anayamba kulipira R5,400, nyumba yomweyo. Tsono werengerani ndi chiwongoladzanja chokwera, muikepo levy ndi msonkho wa kukhonsolo, kenaka muyerekeze ndi R6,800 yanu ija. Komanso pepala lija amati offer to purchase, mukasaina nonse awiri ndiye kuti mwagwirizana basi. Mulembetsemo kuti mgwirizano udzagwira ntchito pokhapokha banki ikavomera ngongole.

Mukagula, lembani wilo kumeneko. Chitakuchitikirani chinthu, amai anu sangathe kumakayenda m'maofesi a ku Johannesburg osadziwa poyambira.

NaTembo wa ku Kapata:
Zikomo nonse, mwandipatsa zogwira. A Phiri, ndakhala pansi ndi cholembera. Levy ya kumeneko anandiuza kuti ndi R1,450, ndiye ndikaphatikiza zonse zikufika pa lendi yanga yomweyi, mwina kupitirirako pang'ono. Sindikupulumutsa ndalama ayi, koma gawo lina likhala likulowa m'chinthu changa, ndipo palibe adzandigogodere kuti mwana wake akufuna nyumba.

Mnzanga NaBanda, mawu anu a pemiti andilasa, chifukwa yanga idzafunika kuionjezera ngongole isanafike n'komwe pakati. Komabe mtima wanga ukadali pa kafulatiko. Ndimagwira ntchito usiku, ndipo ndikufuna pamalo pamene ndingakhome msomali pakhoma osapempha munthu. Za poloti sindinazitaye, ndauza alongo anga kuti tiyambe taona ya taitolo yokha, kumanga kudikire mpaka ndidzathe kumabwera kudzaona ndekha.

Ndalembera wogulitsa uja kuti anditumizire malipoti a body corporate ndisanakwere basi ya ku Lusaka. A Jere, akabwera ndingakutumizireni kuti mundiwerengereko? Komanso mundiuze, lendi ya ku Kempton Park ija amakutolererani ndani inu muli kuno, ndipo amadulapo zingati?