Fayilo tawononga, nanga zotsala mu kompyuta titani nazo?

Kalaliki_Kapata:
Anzanga a m'maofesi a maloya, ndithandizeniko nzeru. Ine ndimasunga mafayilo pa ofesi ina kuno ku Chipata. Mwezi watha tinawononga makatoni 6 a milandu imene inatsekedwa 2013 isanafike, monga ndondomeko yathu inenera. Mapepala onse analowa mu shredder, makina oduladula mapepala. Koma metadata, mzere wofotokoza fayilo iliyonse, ikadalipo mu kompyuta: nambala ya fayilo, dzina, NRC (chitupa cha unzika), foni, tsiku lotsegula ndi lotseka. Chandisowetsa tulo ndi kabokosi ka ndemanga. Dzulo nditatsegula mzere wa mlandu wina wa kutha kwa ukwati, ndinapeza palembedwa matenda a mayi mwini mlanduwo, ndi dzina la mwana wa kunja kwa banja. Mayiyu anaulula zimenezi atatseka chitseko. Ndifafanize mzere wonse kodi?

Agogo_aRejista:
Mwana wanga, mzere wonse ayi. Kumene ndinagwira ntchito kunabwera bambo wa ku Katete, zaka zambiri mlandu wake utatha, akukalipa kuti tinamutayira taitolo ya munda. Fayilo inali itawotchedwa kale. Chinatiombola ndi mzere umodzi m'buku lachikuto chakuda: taitolo yabwezedwa kwa mwini, tsiku lake, ndi chidindo cha chala chake. Atachiona anakhala pansi, nakumbukira kuti anaisungitsa kwa mlongo wake.

Sunga nambala, dzina, mtundu wa mlandu, tsiku lotseka, tsiku lowononga, ndi loya amene anasaina. Dzina ulifunanso kuti mawa ofesi isatenge mlandu wotsutsana ndi munthu amene inamuimirira kale.

Loya_wamng'ono:
Agogo anena zoona. Ndemangazo chotsani lero, achimwene, pamodzi ndi foni. Data Protection Act ya 2021 (lamulo la Zambia loteteza zachinsinsi za anthu) simalola kusunga za munthu kupitirira ntchito imene munazitengera, ndipo za umoyo imaziteteza mwapadera. Pa NRC musafulumire: ngati ofesi inagwira ndalama za kasitomala, monga pogula nyumba, Financial Intelligence Centre Act ya 2010 (lamulo lolimbana ndi kubisa ndalama zopezeka mwachinyengo) imafuna zolemba zisungidwe zaka 10. Onani mzere uliwonse pawokha. Ndifunseko, m'makatoni muja munalibe mawilo, makalata onena kagawidwe ka chuma munthu akamwalira? Wilo sitimawononga chifukwa cha zaka.

WaMakompyuta_Moth:
Mukafafaniza, kumbukirani backup, makope osungidwa kwina. Pa ofesi ina ndinapeza zonse zimene ankati anawononga zili pa hard drive m'dirowa ya bwana, zina mu imelo, zina pa WhatsApp ya sekilitale. Ngakhale sikana yojambulira mapepala imatha kusunga makope.

Kalaliki_Kapata:
Zikomo kwambiri nonse. Mawilo ndi mataitolo tinapatula tisanayambe, ali mu sefa. Za sikana sindinaziganizireko n'komwe. Lolemba ndipita kwa abwana ndi mndandanda wa mizere kuti asaine, ndipo ndiyambira pa wa mayi uja.