Kodi trout za pa phiri la Zomba n'zakwathu?

Wa ku Chinamwali: Loweruka ndinakwera phiri ndi mwana wanga, tinakapumula m'mbali mwa Mulunguzi. Madzi ake, ukaviika phazi umalichotsa msanga. Kuseri kwa mwala tinaona nsomba ya madontho akuda, mzere wofiirira m'nthitimu, itangoima phee mutu italozetsa kumtunda. Mwana anafunsa dzina lake m'Chichewa, ine kakasi. Kodi n'zakwathu zimenezi?

Mphunzitsi wa ku Rumphi: Ayi achimwene, n'zobwera, n'chifukwa chake dzina linakusowani. Imeneyo ndi rainbow trout. Kwawo ndi mitsinje yothira m'nyanja ya Pacific, kumadzulo kwa North America ndi ku Kamchatka, kummawa kwa Russia. Anazibweretsa ndi atsamunda kuti aziwedza. Zimafuna madzi ozizira, othamanga, a mpweya wambiri. Akamapitirira madigiri 20 zimayamba kuvutika. Ndiye kuno zimangopezeka pamwamba, monga ku Zomba ndi m'madamu a ku Chelinda pa phiri la Nyika. Mu Africa muno trout yobadwira ili m'mapiri a Atlas, ku Morocco ndi Algeria.

Mayi wa ku Arizona, ku America: Kuno kwawo kwa trout ndi kumene ndinadabwa. Si mtundu umodzi ayi. M'mapiri a White Mountains muli Apache trout, yachikasu, yomwe simungaipeze kwina kulikonse. Tsidya ilo ku New Mexico kuli Gila trout, ku California kumtunda kwa mtsinje wa Kern kuli golden trout. Mathithi ndi zigwa zotentha zinazilekanitsa kalekale, iliyonse n'kusanduka yakeyake. Chondiwawa n'chakuti rainbow yomwe mwaonayo anaithiranso m'mitsinje yomwe mumakhala Apache trout ndi Gila trout, zinayamba kuswana, mtundu weniweni n'kumazilala. Pano amachita kumanga zotchinga mumtsinje kuti yobwera isakwere.

Agogo a ku Nkhotakota: Mwana wanga, mwanayo ukamuonetse mpasa. Azungu ankaitcha lake salmon, koma si m'bale wa trout, m'bale wake ndi sanjika. Imachoka m'nyanja n'kukwera Bua kukaikira mazira pa timiyala. Ndili mnyamata tinkaidikira pa mtsinje. Lero matope ochokera m'minda akukwirira timiyalato, maukonde nawo atchinga pamathiriro.

Wa ku Chinamwali: Zikomo nonse. Agogo, tikafuna kuiona ikukwera Bua tibwere mwezi uti? Mwanayu wayamba kale kundivutitsa.